Ulemu kwa Mchenga wa ku Nkopola

Alakatuli a dziko lino atamanda nyanja mpaka mawu kuwathera, ayamika chambo, nkhwazi ndi mbalame za pachilumba cha Boadzulu. Koma mchenga, umene mafumu ndi agalu aupondaponda mofanana, palibe ndi mmodzi yemwe anauombera m'manja, ndipo ngakhale m'Malembo ukumbukika ngati maziko a nyumba ya munthu wopusa. Chotero ine, poona zimene uchitira anthu ongoyamba kumene kuthamanga, ndati ndiime pabwalo ndiunenere mlandu.

Taonani bwana wa ku Lilongwe amene wadzera msonkhano ku hotela ya pagombepo, munthu wa mimba yaulemu, amene dokotala anamchenjeza kuti magazi ake ayamba kuthamanga mwini wake ali chikhalire. Akadayambira pa tala wa msewu wa ku Monkey Bay, akadaliyatsa liwiro kuti akabaza amtame, nagwa chafufumimba asanafike pa Makawa, ndipo nsapato zatsopanozo zikadalowa kunsi kwa kama osatulukanso. Pakuti chimene chidanitsa oyamba ndi kuthamanga ndicho phuma, lofuna kumaliza tsiku limodzi ntchito ya miyezi. Koma mchenga, mwa chifundo chake chachikulu, sulola zotere. Phazi likaponda, iwo uthawa kunsi kwake, numeza mphamvu imene nthaka yolimba ikadabwezera ku mtsempha wa kuchidendene, kotero kuti akatumba alira, chifuwa chiti wefuwefu, ndipo bwanayo, afune asafune, ayamba kuthamanga monyang'wa pang'onopang'ono, mwina kuyendako, mwina kuima ngati akupenya mitambo. Akatswiri a ku Belgium anayeza zimenezi mu 1998, napeza kuti wothamanga pamchenga awononga mphamvu zochuluka ka 1.6 kuposa wa pouma. Koma makolo athu, opanda makina, anazidziwa kale pamene anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.

Ndipo m'kuchedwamo ndimo muli kukoma konse. Wochedwa aona zimene waliwiro saziona: ngalawa zobwera kousipa m'bandakucha nyali zitazima, amayi akuyanika nsomba pathandala, asodzi akukoka khoka. Iwowa, pokhala anthu a mwambo, salola mlendo kungodutsa, koma ampatsa moni, ndipo moni wa kunyanja ufuna yankho lathunthu, lofunsanso za ana ndi za kunyumba. Amene sangathe kuyankha chifukwa cha befu adziwe kuti wapyola muyeso wake. Aphunzitsi a masewera alipiritsa ndalama zambiri kuti auze munthu chomwechi, chakuti athamange pa liwiro lotha kulankhula nalo. Kuno aphunzira kwaulere, ana akumuseka.

Wina adzati mchengawo uotcha mapazi m'mwezi wa Okutobala, ubisa minga ya nsomba ndi zigoba za nkhono, ndipo mwera ukawomba ulowa m'maso. Inde, akuluakulu, nzoona. Walira mvula walira matope. Komatu kuotchako ndiko kudzutsa waulesi dzuwa lisanakwere, ndipo wofooka ali ndi pothawira, m'mphepete penipeni pamene mafunde anyowetsa ndi kulimbitsa. Nanga Herb Elliott wa ku Australia, amene anapambana mpikisano wa mamita 1,500 ku Rome mu 1960, sanakhwimitse kodi miyendo yake pa milu ya mchenga ya ku Portsea, mphunzitsi wake Percy Cerutty akumkusa? Sindinena kuti bwana wathu adzafika ku Rome. Akafika pa Maldeco ndi kubwerako wamoyo, tidzamuimbira nthungululu.

Malipiro ake a mchenga, mphunzitsi wathuyu, ndi amodzi okha, akuti aperekeze wophunzira wake kwawo, m'masokosi, m'tsitsi ndi m'matumba a kabudula, kufikira mayi a kunyumba, amene sanathamange ndi phazi limodzi lomwe, amsesa m'chipinda ku Area 47 sabata yathunthu akung'ung'udza.