Khoma la balani ya bambo

Mvula inandigwira pa Chinkhoma, ndipo ndinausa pakhonde la golosale m'mbali mwa msewu wa M1. Posakhalitsa panafika mnyamata atamangirira mapulanga atatu pakeliyala ya njinga. Anavula chipewa n'kunjuta pafupi ndi mkulu wina amene ankasewera bawo.

"Atsibweni, misomali yandithera. Ndikakhomera pulanga m'balani ya fodya, msomali ukungotuluka ndi dothi."

"Balani iti?"

"Ya malemu bambo ija."

Mkuluyo anaika nkhomo pansi. "Ija tinamanga nthawi ya bungwe la fodya la KFCTA, iwe usanabadwe. Njerwa n'zowotcha, koma pakati pake ndi matope okhaokha. Zaka zonsezi moto m'kati, mvula kunja. Ukakhoma pamzere, dothi likuyoyoka. Ukakhoma panjerwa, ikusweka. Si choncho?"

Mnyamatayo anavomera ndi mutu. Anati mnzake wamuuza kuti aboole pang'ono n'kulowetsamo kachipika, msomali ugwire m'kachipikamo.

"M'nyumba yogona zimatheka, mphwanga, kachipikako kakakhala kouma. Koma m'balani? Tsiku loumitsa mitsitsi ya masamba kumatentha mpaka madigiri 70. Mtengo umafota, bowo n'kukula. Fodya wamuwisi ndi wolemera. Mkangala umodzi ukagwera papaipi yamoto, balani yonse yapita."

Apa anzake a bawo aja anakhala chete. Kuno ku Kasungu balani ikapsa, ndiye kuti fetereza wangongole, nkhuni ndi malipiro a aganyu zapsera limodzi, fodya asanafike n'ku okushoni komwe. Ine mtima unandiwawa poona nsapato za mwanayo, zodzaza matope a m'munda, kusonyeza kuti tsamba lapsa kale ndipo silidikira munthu.

Mkulu uja anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi ponyowa. Boola khoma mpaka kuseli, pamzere osati panjerwa. Lowetsa bawuti yaitali, ikasowa pinda waya wokhuthala kawiri. Kunja ika thabwa lina lopingasa njerwa zinayi kapena zisanu, kuti khoma likhale lopanidwa pakati pa matabwa awiri. Pamene pafumbutuka, kokota dothilo, nyowetsa, mata simenti, udikire masiku atatu.

"Masiku atatu, atsibweni? Loweruka ndikuthyola."

"Ndiye ukuchedweranji pano? Kagule simenti yapakilo. Mawa m'mamawa ndibwera ndi chobowolera changa."

Mnyamatayo anakankha njinga n'kulowa m'mvula momwemo.