Maliro a ku California

Ndiulule lero: ine bambo wa ndevu zanga, wa ana atatu, ndinalira m'minibasi chifukwa cha buku la K1,500.

Ndinaligula pa kaunjika wa mabuku m'mbali mwa msewu ku Limbe. Wogulitsa anati ndi la chikondi chokhachokha. Apo n'kuti mayi akunyumba atandikwiyira masiku atatu pa nkhani ya ndalama ya ndiwo, ndiye ndinati nditolemo timawu tiwiri totsekemera, ndikawasungunule nato madzulo. Bukulo ndi The Sky Is Everywhere, la Jandy Nelson wa ku America, lomwe linatuluka mu 2010.

Chikondi chilimo, sindikana. Koma wogulitsa uja sanandiuze kuti n'chikondi cha pasiwa. Lennie, mtsikana wa zaka 17 wa ku California, waferedwa mkulu wake Bailey, amene anangogwa ndi mtima akuyeserera sewero la Romeo and Juliet. Awiriwa ankagona chipinda chimodzi kwa agogo awo. Tsopano mwanayu akungolemba ndakatulo pa timapepala ta masiwiti ndi pa makapu, n'kumazimwaza m'tauni ngati akufesa mawere.

Anyamata ali awiri. Wina ndi Joe, woimba gitala, wangobwera kumene kuchokera ku France. Winayo ndi Toby, chibwenzi cha malemu. Lennie atapsompsonana ndi Toby ndinakuwa ndekha: "Iwe, ndi mlamu wako ameneyo!" Chokolo cha ku America chilibe ankhoswe, ana amangodzigamulira okha. Komabe ndinawamvetsa. Aliyense ankafuna malemu mwa mnzake.

Tikufika pa Chichiri misozi inali mbwembwembwe, mamina osanena. Mayi wina amene ndinakhala naye mpando umodzi anandigwira paphewa.

"Pepani bambo, zovutazi zachitikira kuti?"

"Ku California," ndinatero.

"Kalanga ine! Nanga thupi lifika liti?"

Ndinalephera kuyankha. Iwo anamasula pansonga ya chitenje n'kundipatsa K500 ya chipepeso. Ndinalandira ndi manja awiri. Mukanakhala inu mukanayambira pati kufotokoza? Kondakitala yekha ndiye sanamve chisoni: anatolera yake yonse, chenji osabweza.

Chimene chinkandiliza kwenikweni si Bailey. Ndili ndi achimwene anga ku Mchinji amene tinatha zaka ziwiri osalankhulana chifukwa cha K15,000 yomwe anandibwereka. Tinakulira pa mphasa imodzi, bulangete limodzi, iwo akukoka ine ndikukoka. Ndinaganiza kuti atangogwa lero, ine ndidzakumbatira chiyani, ngongole?

Nditatsika ndinagula mayunitsi ndi chipepeso chija n'kuwaimbira.

"Achimwene, muli moyo?"

"Waledzera kapena wina wamwalira?"

"Ayi, ndimangofuna kunena kuti ndimakukondani."

Kunali zii, mpaka ndinayang'ana ngati foni yaduka. Kenako anatsokomola.

"Ngati umandikondadi mng'ono wanga, tumiza K20,000, ndikuperewera pa feteleza."

Ndinatumiza pomwepo, misozi isanaume. Inali ndalama ya ndiwo ija.

Mayi akunyumba atamva, masiku atatu aja anawawonjezera kukhala sabata. Buku analilanda, akuti akufuna aone chimene chikupusitsa bambo wa ana awo. Dzulo usiku ndinawamva akufwenthera kuchipinda. Ali ndi ang'ono awo anayi ku Ntcheu, onse olima chimanga, ndiye foni yawo ndaibisa m'thumba la ufa.