Sunga katoni, madola aoneka

Makolo anati sunga khosi, mkanda uoneka. Ankanena za kudekha ndi kudzisamala, koma ku Ulaya ndi ku America kuli azibambo a ndevu zawo amene mwambiwu anaumva mwawomwawo. Amagula tigalimoto tachitsulo toseweretsa ana, n'kuletsa ana kutikhudza. Eni akewo satikhudzanso. Amangotitsekera m'kabati yagalasi, n'kukhala pansi kudikira mkanda.

Chopweteka n'chakuti mkandawo nthawi zina umaonekadi. Mu 1969, patangotha chaka chiyambire kupanga tigalimoto ta Hot Wheels, kampani ya Mattel inayeserera kabasi ka Volkswagen kotchedwa Beach Bomb. Kanali kowonda, kolemera kumwamba, kosachedwa kugudubuka, motero sikanalowe m'sitolo mpaka atakakonzanso. Kamodzi kapinki mwa toyeserera tija kali ndi Bruce Pascal wa ku America, ndipo mtengo wake umaposa madola 100,000. Kabasi kolephera kuyenda kameneko kangagule maminibasi enieni angapo onyamula anthu pakati pa Zomba ndi Liwonde.

Khosi la kagalimoto kotere ndi katoni yake. Ikang'ambika, mtengo watsika. Dzuwa limasuwitsa penti, ndipo wopakanso penti ina waononga zonse, ngakhale atapaka mokongola bwanji. Chitsulo chake ndi zinki wosakaniza ndi aluminiyamu, ndipo zina mwa zidole zoyambirira za Dinky, zimene zinayamba kutuluka ku Liverpool mu 1934, zimatupa n'kuphwanyika zokha chifukwa cha mtovu umene unalowerera m'chitsulocho. Chinyezi chimafulumizitsa matendawa.

Tsono munthu atengere malamulowa pa Songani. Mu Okutobala muli fumbi la m'mbali mwa msewu wa M3. Mu Januwale mvula yochokera ku phiri la Zomba imanyowetsa ndi makoma omwe. Chiswe sichidziwa madola, chimangodziwa kuti katoni n'chakudya. Koma mdani wamkulu amabwera Lamulungu masana atagwira chitenje cha amayi ake. Amaima pa kabati, mphuno pagalasi, chala choloza, kenaka kulira kwa pang'onopang'ono. Azakhali, amayi a mwanayo, amangoti, “Achimwene, chidole chomwechi mpaka kumumana mwana?” Pamenepo nkhani ya madola yatha. Pofika madzulo katoni ili m'ngalande, kagalimoto kasenza mchenga, tayala limodzi lasowa.

Mwanayo sanalakwitse kwenikweni. Matchbox, imene inayamba kugulitsidwa mu 1953 ndi kampani ya Lesney ku London, inabadwa pamene Jack Odell anapangira mwana wake wamkazi kagalimoto kosalaza msewu, kokwana m'bokosi la machesi, chifukwa kusukulu ankangolola zoseweretsa zazing'ono choncho. Kanali kopita nako kusukulu, osati kogona m'kabati.

Ana a pa Songani nawo ali ndi fakitale yawo. Waya wotola, matayala odula ku patapata wakutha kapena zitsekerero za mabotolo, chiongolero chachitali chofika m'chiuno, injini ndi pakamwa pa mwini wake. Galimoto imeneyi ikapindika amaiwongola ndi mwala, ndipo mtengo wake sutsika. Inatchuka mpaka kunja: buku la ana la Karen Lynn Williams lotchedwa Galimoto, limene linatuluka ku America mu 1990, likunena za mnyamata wa ku Malawi wosakasaka waya.

Komabe wopeza kagalimoto kachitsulo pa mulu wa zakaunjika akatembenuze kaye asanapatse mwana. Ngati pansi pake palembedwa Lesney ndi England, ndiye kuti kanapangidwa zaka zoposa 40 zapitazo, pakuti kampaniyo inagwa mu 1982. Kakakhala kowala, matayala onse alipo, akakulunge ndi nsalu youma n'kukabisa m'sutikesi azakhali asanafike. Kakakhala kosupuka penti, angomusiyira mwanayo, pakuti tambiri mwa timeneti tinapangidwa mamiliyoni ndipo osonkhanitsa satilipira ndalama yodandaulitsa munthu.