Alamu Akaona Nyanja ya Mchere

Kwathu kwa Nazombe ulendo sukhala wa munthu mmodzi. Alamu anga anangotchula pa bawo kuti tchuthi chino akufuna akaviike mapazi m'nyanja ya mchere ku Quelimane pa Sienta yawo ija. Dzuwa lisanabisale kuseri kwa Michesi, mudzi wonse unali utasanduka alangizi a zaulendo.

Woyamba anali mnyamata wa kabaza, amene Mozambique yake imathera pamsika wa Milange. "Biggie, kumeneko wina akakuimitsani n'kunena kuti refresco, musatsutse, perekani." Alamu, munthu womvera, anakagula kireti ya Fanta.

Kenaka aphunzitsi opuma anakonza magalasi awo n'kulengeza kuti dziko lililonse limene linalamulidwa ndi Apwitikizi limayendetsa galimoto kumanja. Mtsutso unadya maola awiri, bawo n'kuiwalika. Pabenchi pomwepo panali dalaivala wa lole ya nandolo, yekhayo amene anafikadi ku Mocuba. Iye anati ku Mozambique amayenda kumanzere ngati kuno, ndipo chofunika ndi pasipoti, chikalata cholowetsera galimoto, inshuwalansi ya pachipata, matrayango awiri, jekete yonyezimira ndi tayala lapadera lamphepo, komanso kusayenda usiku. Palibe anamumva. Analakwitsa kulankhula motsitsa mawu, pomwe kuno wodziwa zinthu timamuzindikira ndi kukweza mawu.

Anganga anangogwira kukamwa. "Mwanawe, nyanja imene inatitumizira namondwe wa Freddy mu 2023, n'kutigumulira nyumba, iwe ukufuna ukaipatse moni?" Atausa moyo anatulutsa chigubu cha malita asanu. Akuti madzi a kumeneko amachiza maondo.

Chigubucho chinatsekula khomo. Uyu kokonati, uyu chitenje cha capulana, uyu nsomba zouma, winanso tcheni cha njinga yamoto. Ndalama? "Mugule kaye alamu, tidzaonana mukabwera." Mawu amenewa ndi akale kuposa msika wa Chiringa, ndipo sindinamvepo kuti anthu anaonanadi. Tsiku lonyamuka, galimoto ya mipando isanu ndi iwiri inanyamula anthu khumi ndi mmodzi, onse "ongotsika pa Muloza pompa", wina ndi nkhuku yake.

Za ulendowo tinazimva kwa achemwali anga, chifukwa alamu akamafotokoza okha nkhani imakula tsiku ndi tsiku. Akuti Chilhomwe chawo chinawathandiza bwino ku Milange mpaka kukafika ku Mocuba, m'mbali mwa mtsinje wa Licungo. Atadutsa Nicoadala anthu anayamba kuyankha m'Chichuwabo ndi Chipwitikizi, alamu n'kutsala ndi obrigado yekha, amene ankamugwiritsa ntchito popereka moni, pofunsa njira ndi podandaula mtengo wa petulo. Mu Quelimane anapezamo migwalangwa ya kokonati, mtsinje wa Bons Sinais, ndi kabaza wa njinga zakapalasa mumsewu uliwonse. Achemwali akuti anafunsa mwaulemu: "Bambo a ana, mameticais onse aja tawotcha kuti tidzaone kabaza?"

Koma nkhani yeniyeni inachitikira ku gombe la Zalala. Alamu nyanja imene amaidziwa ndi Chilwa, yomwe ikaphwa, monga inachitira mu 2018, imadikira dzinja kuti ibwerere. Atapeza madzi ali kutali, mchenga uli yalaa, anavula nsapato zawo za ukwati n'kuziika bwinobwino pamodzi ndi masokosi, napita kukajambulitsa zithunzi za pa WhatsApp. Mwa alangizi onse a pa bawo, palibe anawauza kuti nyanja iyi imapita n'kubwerera kawiri pa tsiku. Pobwerako anapeza nsapato zayamba ulendo wa ku Madagascar.

Anafika kwa Nazombe atavala patapata, kireti ya Fanta ili mabotolo okhaokha, anamwa okha ndi ana. Aphunzitsi opuma mpaka lero akuti alamu sanaone bwino mbali ya msewu. Mnyamata wa kabaza akuti nkhani ya nsapatoyo akanawauza akanafunsa.

Chigubu cha anganga anachikumbukira atawoloka kale pa Muloza. Anaima pa mjigo, n'kuthiramo mchere wa pa okala. Anganga akupaka m'mawa ndi madzulo, ndipo dzulo anayenda okha mpaka ku chigayo.