Kodi ndalama imakhala yako nthawi yanji?

Anzanga, inu munauzidwapo? Ine ayi. Pa boda ya Mwanza, mayi wogulitsa manachesi akangoona uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba kuchokera kwa dalaivala wa thiraki yolowera ku Zobue, amapereka katundu, nkhani yatha. Tsono akatswiri akuti kuli njira yodalirika kuposa imeneyi, ati blockchain: kaundula wa ndalama amene makompyuta ambirimbiri amasunga limodzi, woti munthu mmodzi sangafufute. Chabwino. Koma pa Bitcoin, imodzi mwa ndalama zoyendera kaundula wotere, tsamba latsopano limalembedwa pafupifupi mphindi 10 zilizonse, ndipo ochenjera amati dikira masamba 6 usanakhulupirire kuti walipidwa. Ola lathunthu! Dalaivala aime pomwepo injini ikulira? Nanga mu ola limenelo ndalamayo ndi ya yani, ya mayi kapena ya dalaivala?

Akuti mankhwala anawapeza. Poti kaundula wamkuluyo amangokwanitsa malonda pafupifupi 7 pa sekondi, anapanga Lightning Network, imene inayamba kugwira ntchito mu 2018. Anthu awiri amatsekera ndalama pamodzi, n'kumalipirana pambali mwachangu, kaundula wamkulu n'kudzamuuza pomaliza. Ine mutu wanga ndi waung'ono, koma si kope la ngongole la pa okala limenelo, lija timawerengetsera mwezi ukatha? Ngati liwiro lake lagona pozemba kaundula, kaundulayo ankamutamandiranji?

Ku Ethereum, kaundula wina wotere, nako n'kwina. Kumeneko a Arbitrum ndi Optimism, njira zapambali zofulumizitsa malonda, amamanga malonda ambirimbiri mtolo umodzi n'kutumiza, ati tiyambe tayesa kuti aliyense ndi woona mtima, wokayikira ali ndi masiku 7 oti atsutse. Wofuna kubweza ndalama zake ku kaundula wamkulu adikire sabata. Wotsutsayo ndani? Amamulipira ndani? Akadwala? Ena akuti kudikira n'kosafunika, masamu okha amatsimikiza kuti mtolo uli bwino popanda kuumasula. Ndavomera, sukulu ndi yawo. Koma masamuwo anawachonga ndani?

Mu 2019 banki yaikulu ya Reserve inanena kuti ndalama zoterezi si ndalama zovomerezeka m'dziko muno. Komatu ku Bondo, ku Mulanje, kampani ya Gridless ikukumba Bitcoin ndi magetsi a madzi otsika m'phiri. Ikukumba bwanji popanda khasu? Zokumbidwazo zimapita kuti? Ndipo tsiku lina ndalama zanga zikadzasowa pambali paja, kaundula wamkulu asanauzidwe, ndikadandaule kuti, kwa a mfumu, kupolisi pa boma, kapena kwa kompyuta iti?