Mkamwini ndi Mtedza Wonyowetsa

Chaka chimene ntchito inandithera ku Lilongwe ndinakakhala kwawo kwa mkazi wanga ku Mchinji. Mkamwini wochokera m'tauni amafuna aoneke kuti ali ndi mutu, ndiye ndinauza mayi a ana kuti akatenge ngongole ku banki mkhonde, tigule mtedza wa CG7 wosatongola, titongole tokha, tikagulitse kwa otumiza kunja. Papepala phindu linali lokwana malata a nyumba.

Pepalalo silinanene za zala. Mtedza wouma umasupula khungu potongola, ndipo anga anali manja ozolowera cholembera. Mnzanga wa pa bawo anandinong'oneza kuti ndiwaze madzi usiku, m'mawa makoko afewa. Anawonjezera, uku akutsinzinira, kuti wonyowa umalemeranso pasikelo. Ndinawaza, osati pang'ono. Apongozi anaima chapatali monga mwa mwambo, n'kutuma mwana kudzafunsa ngati bambo akubzala mtedza m'nyumba. Ndinati akawauze kuti ndi njira zamakono.

Tinatongoladi mwachangu. Ndinauthira m'matumba osauyanika, n'kuwasanja pasimenti m'chipinda chopanda zenera, poopa akuba.

Tsiku logulitsa, wogula anabaya thumba, ananunkhiza, n'kutengako pang'ono kukapima. Pobwera anati, "Achimwene, mtedzawu uli ndi chuku." Ndinatsutsa mokweza, poti wakuda ndi wofota ndinali nditasankha kale. Iye anandifotokozera mofatsa kuti chuku chomera pa mtedza wachinyezi, chotchedwa Aspergillus flavus, chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, ndipo njere yooneka bwino ikhoza kukhala naye. Mayiko a European Union salola kuti apitirire mamayikurogalamu 4 pa kilogalamu ya mtedza wodya anthu. Nditafunsa za wanga, anangopukusa mutu n'kundithandiza kukwezanso matumba pangolo.

Wina akanalekera pomwepo. Ine ndinaganiza za chiponde. Moto umapha chilichonse, ndinatero mumtima. Ndinakazinga, ndinagayitsa, ndinathira m'mabotolo, ndikuwerengera kale amayi ophikira ana phala amene adzagula. Mlamu wanga, yemwe ndi namwino, anandipeza ndikumata timapepala ta dzina langa pamabotolopo.

"Alamu, ana a m'mudzi muno akulakwirani chiyani?"

Anandikhazika pampando ngati wodwala. Kukazinga kumapha chuku, koma poizoni amatsala momwemo. Sapweteka m'mimba lero kuti munthu achenjere, amadya chiwindi pang'onopang'ono mpaka kuyambitsa khansa, makamaka kwa amene ali kale ndi hepatitis B, ndipo madokotala amamuganiziranso pa kupinimbira kwa ana. Akachuluka amapha msanga: ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku. Chimene chinandiluma kwambiri n'chakuti zosankha zija, zakuda ndi zofota, ndinali nditapatsa mayi a ana kuti asinje nsinjiro yotendera nkhwani. Mabanja ambiri amachita chimodzimodzi, wabwino kumsika, woipa m'poto. Mwamwayi anali asanasinje.

Ndinayesa khomo lomaliza. "Nanga ziweto, alamu?"

Anaseka mpaka misozi. Anati poizoniyu anadziwika chifukwa cha ziweto zomwezo, mu 1960 ku England, nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ndi chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Ng'ombe ikadya imamupititsa mu mkaka, mkaka n'kubwerera kwa ana omwe aja.

Ndinakumba dzenje kuseri kwa khola, lakuya ndithu, mpaka aneba anabwera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Amayi a banki mkhonde nawo anabwera, koma iwo sanafunse za zovuta. Ngongole anabweza ndi apongozi, atagulitsa mbuzi.

Chaka chino ndikulipira mbuzizo ndi thukuta. Ndimasanja mtedza wozula m'milu ya Mandela cock, yozungulira, yokhala ndi mpata pakati woti mphepo idutse, monga alangizi amaphunzitsira. Potongola andipatsa lichero ndi mpando. Ndowa ya madzi apongozi analamula kuti izikhala kwawo.