Alamu, Musataye Mbale za Malemu

Johannesburg

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kumeneko ku Migowi. Ine kuno ndilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chanding'amba milomo. Ndamva kuti nandolo wachita bwino koma mavenda akugulabe mwakuba. Pirirani. Ndasankha kulemba kalata chifukwa mlongo wanu akamayankha foni mudzi wonse umamva, pomwe iyi ndi nkhani ya chuma.

Kodi bokosi lachitsulo lija malemu bambo anabwera nalo kuchokera ku Wenela likadalipo? Pansi pake panali mbale zakuda za galamafoni. Nthawi imene ndinkafunsira mbeta ndinaona ana akuzigubuduza pabwalo, ina mutavindikirira mtsuko wa thobwa, ina mutaipachika m'munda wa mapira kuti iziopseza mbalame. Ngati yatsalako ngakhale imodzi, itoleni lero lomwe muibise. Ndifotokoza.

Bwana amene ndikumugwirira ntchito ya m'munda ku Parkview ndi mkulu wopuma pa ntchito, ndipo ali ndi chipinda chathunthu cha mbale zokhazokha, kuchokera pansi mpaka kudenga. Chipindacho n'chachikulu kuposa chomwe ndimagona ine kuseri. Makatani ake satsegulidwa, akuti dzuwa limapinda mbale. Ine dzuwa lomwelo limandiwomba tsiku lonse koma sindinamvepo wina akudandaula kuti ndipindika. Mbalezo saziunjika, amaziimika. Akafuna kuimba imodzi amaigwira m'mphepete ndi nsonga za zala, kuipendeketsa pa getsi kuti aone ngati yakandika, kuipukuta ndi kaburashi kake kapadera, kenako n'kutsitsa singano atagwira mpweya. Galu akauwa nthawi imeneyo, tsiku limenelo agona panja.

Nyimbo zake ndi zija amati classical. Zambiri mulibe woimba pakamwa, ndi mavayolini okhaokha ndi malipenga, ng'oma imangomveka mwa apo ndi apo. Kutalika kwake musanene. Mukhoza kukwera kabaza wa njinga pa Migowi, kukafika pa boma, kutsutsana mtengo ndi wakabazayo, nyimbo ikadali yomweyo. Amene amamukonda kwambiri ndi Beethoven wa ku Germany, yemwe anamwalira mu 1827. Bwana akuti munthuyu anagontha makutu, moti nyimbo yake ya nambala 9 itaimbidwa koyamba ku Vienna mu 1824 mwiniwake sanaimve. Ndinangoti mumtima, n'chifukwa chake sankadziwa polekezera.

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti nyimbo ya nambala 5 ya Beethoven yemweyo ali nayo kambirimbiri. Nditafunsa ngati amaiwala kuti anagula kale, anandiyang'ana mwachisoni. Akuti iyi anatsogolera ndi Herbert von Karajan ku Berlin ndipo inatuluka mu 1963, iyi ndi ya Carlos Kleiber yojambulidwa ku Vienna mu 1974, zonse za kampani ya Deutsche Grammophon ya chizindikiro chachikasu, koma akuti n'zosiyana kutalitali. Anthu awiriwa, alamu, pa mbalezi sanaimbe chida chilichonse. Ankangoima kutsogolo n'kumagwedeza kandodo, ngati kapitawo wa pa esiteti ya tiyi ku Mulanje: othyola ndi ena, koma dzina lodziwika kwa bwana ndi lake.

Ya Karajan yokhayo ali nayo kawiri. Ina ndi yatsopano, yodindidwanso masiku ano, yolemera magalamu 180, yonyezimira bwino. Ina ndi yakale, chikuto chake chothetheka m'makona, chonunkha nkhungu, ndipo inadutsa m'manja mwa eni ake angapo amene mwina anatsogola kale. Mukuganiza kuti amanyadira iti? Yakaunjikayo. Amatenga galasi lokulitsa zinthu n'kumawerenga timanambala tolembedwa pafupi ndi pakati pa mbale, akuti timeneto ndi timene timaulula ngati mbaleyo ili m'gulu loyamba kudindidwa. Yoyamba ndiyo yodula. Lamulungu amanditenga ku msika wa ku Rosebank kuti ndizinyamula kreti, ndipo ndinaona ndi maso angawa akupereka ndalama yokwana feteleza wa munda wanu wa kudambo pogula mbale imodzi yakutha. Anatuluka akumwetulira kuti wawapusitsa ogulitsawo.

Tsono tsiku lina anandifunsa kwathu. Nditati ku Phalombe, kuseri kwa phiri la Mulanje, analowa m'chipinda muja n'kundiitana, nsapato nditavula pakhomo. Anatulutsa mbale ya mzungu wina dzina lake Hugh Tracey, amene ankayenda ndi galimoto ya makina ojambulira mawu m'midzi ya mu Africa, ndipo ku Nyasaland anafikako mu 1950 ndi mu 1958. Mu 1954 anakhazikitsa nyumba yosungira nyimbozi, International Library of African Music, ku Roodepoort konkuno, koma mu 1978 inasamukira ku Rhodes University, m'tauni imene pano akuti Makhanda. Mbale zake za Sound of Africa zinapitirira 200. Singano itatera, ndinamva bangwe, kenako amayi akuimba pamtondo, minsi ikugunda, Chinyanja chenicheni cha agogo athu. Bwana anandilozera mpando, koyamba chilowereni ntchito. Iye anatsinzina, manja pachifuwa. Ine phazi linayamba lokha kugunda pansi, ndipo anakweza chala, akuti thabwa likagwedezeka singano imadumpha. Nyimbo ya pamtondo, alamu, kuimvera utakhala chete! Amayi aja akanationa akanatilanda munsi n'kutithamangitsa nawo.

Mkuluyu amadziwanso za Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka. Akuti Gerhard Kubik wa ku Austria anawapeza akuimba ku Blantyre mu 1967, ndipo kuchokera pamenepo nyimbo zawo zinafika ku Ulaya. Kwela imene ankaimbayo inabadwira konkuno ku Joni, m'manja mwa anyamata a zitoliro zachitsulo monga Spokes Mashiyane. Apa ndi pamene ndinakumbukira bokosi lija, chifukwa matchona ambiri pobwerera kumudzi ankanyamula galamafoni yopukusa ndi mbale za nyimbo zoterezi. Malemu anabwerako isanagwe ndege ija ku Francistown mu 1974, imene inapha anthu athu ambiri mpaka Kamuzu analetsa za Wenela, ndiye kuti mbale zawo ndi za nthawi yomweyo kapena kale kuposa apo.

Nditamufotokozera kuti zinali zolemera, zolimba gwa, nyimbo imodzi mbali iliyonse, anadzuka pampando. Akuti zimenezo ndi za 78, zimazungulira maulendo 78 pa mphindi, pomwe zake za Beethoven zija, zomwe zinayamba mu 1948, zimangozungulira 33 ndi kachidutswa. Akuti za 78 zinatsala zochepa, chifukwa zikagwa zimasweka, komanso singano zake zachitsulo zinkafunika kusintha pafupipafupi koma anthu ankangozinola pamwala, mbale n'kumadyeka. Azungu anzake osunga Beethoven ndi ambiri, ndipo akamwalira ana awo amakatula makatoni onse ku msika. Koma mbale ya mgodi imene inakwera phiri n'kukafika kumudzi ili yamoyo, akuti imeneyo anthu a ku Ulaya ndi ku America amaisakasaka. Ngati bokosilo linapulumuka Napolo wa mu 1991 ndi Freddy wa mu 2023, lisadzafere m'manja mwa adzukulu.

Musafulumire kukatenga ngongole pa golosale. Bwana wanenetsa kuti yokandika kwambiri kapena yong'aluka ilibe mtengo, ndiye ija ya thobwa ingopitirizani nayo ntchito. Zinazo muone pakati pake. Mukaona galu atatchera khutu pa lipenga la galamafoni, imeneyo ndi His Master's Voice. Mukaona tambala, ndi Gallotone ya konkuno, ndipo muwauze amalume kuti tambala ameneyo si wa chipani, asayambe kuimba nyimbo za kale. Muzijambule zonse ndi foni munditumizire pa WhatsApp, zilembo zizioneka.

Chonde musazitsuke. Ndikumudziwa mlongo wanu, akamva kuti zikupita kwa mzungu azikwecha ndi phulusa ndi mchenga mpaka ziwale, kenako n'kuziyanika pa thandala pamodzi ndi mapoto. Muzisiye ndi fumbi lake. Iliyonse muikulunge m'nyuzipepala, muike pakati pa makatoni, muziimike. Ndipo musapatse transipota asanandiimbire, anthu aja akhoza kuziika pansi pa thumba la ufa n'kukhalapo mpaka pa Beitbridge.

Za kagawidwe, ndikudziwa kuti mkamwini salowerera chuma cha eni mudzi, ndipo mwini mbumba ndinu. Koma nzeru yachokera kwa ine, komanso amene ndakhala ndikupirira Beethoven ndine, ndiye theka si zambiri. Achimwene anu a ku Chiringa musawauze kanthu mpaka ndalama italowa. Akafunsa chifukwa chimene mukufukulira bokosi, muwauze kuti mukusaka makoswe.

Moni kwa amayi ndi ana onse. Wina akamabwera kuno munditumizireko matemba a ku Chilwa ndi kalongonda pang'ono, koma zimenezo zikhale m'chikwama china, bwana amanunkhiza chikuto chilichonse asanagule.

Ndine mlamu wanu,
wa ku Joni